George Winston, mkulu wa masokosi amene ankaimba nyengo pa piyano

Holo ikadzaza, magetsi onse ankazimitsidwa kupatula amene ankawalira piyano yakuda ya Steinway, chimphona chotalika pafupifupi mamita atatu. Kenako pankatulukira bambo wandevu, wa dazi, atavala jinzi ndi shati yonga ya mlimi, kumapaziku masokosi okhaokha. Alipo amene ankamuyesa mmisiri wobwera kudzachuna piyanoyo mwini wake asanafike. Ankangozindikira atakhala pampando n'kuyamba kuliza kuti mwini wakeyo ndi yemweyu. Nsapato sankavala chifukwa phazi lake linkagunda pansi mwamphamvu akamaimba, ndipo sankafuna kuti phokoso la chidendene lisokoneze nyimbo.

Ameneyu anali George Winston, wa ku America, amene zimbale zake zinagulidwa pafupifupi 15 miliyoni, zambiri mwa izo zili za piyano yokha, popanda mawu, popanda ng'oma, popanda wina womuthandiza. Dziko linamudziwa ngati mfumu ya nyimbo zofatsa zotchedwa new age. Iye dzinalo ankalikana moyo wake wonse, ndipo nkhani yake imamveka bwino tikayamba tadziwa chifukwa chimene ankalikanira.

Anabadwa pa 11 February 1949 m'tauni yaing'ono ya Hart, ku Michigan, koma ubwana wake anaudyera ku Montana, makamaka ku Miles City ndi ku Billings. Kum'mawa kwa Montana ndi chidikha chosaona malire, cha udzu, ng'ombe ndi mphepo, kumene munthu amatha kuona mvula ikugwa kutali iye ali pouma. Kumeneko chaka chimagawika panayi ndipo gawo lililonse lili ndi nkhope yakeyake. Pali miyezi imene chipale chofewa chimakwirira dziko lonse, mitsinje n'kuuma gwa ngati mwala. Pali miyezi imene chipalecho chimasungunuka, udzu n'kuphuka. Kenako kutentha, kenako nyengo imene masamba amasanduka ofiira ndi achikasu asanayoyoke. Ife amene tinakula ndi fungo la dothi mvula yoyamba ikagwa, kapena ndi mphepo ya mu June, tikudziwa kuti nyengo imakhala m'thupi mwa munthu mpaka kukalamba. Winston ankanena mobwerezabwereza kuti nyengo zinayi za ku Montana ndi maonekedwe a dzikolo ndizo gwero la nyimbo zake zonse. Banja lawo linasamukira ku Mississippi kenako ku Florida, koma Montana sanamutuluke m'mutu.

Chodabwitsa n'chakuti sanayambe kuimba ali mwana ngati mmene amayambira akatswiri ambiri a piyano. Ali mnyamata ankangomvetsera, makamaka nyimbo zopanda mawu, ndipo mu 1965 anagwidwa mtima ndi piyano ya Vince Guaraldi imene inkamveka m'makatuni a Charlie Brown pa TV. Koma chimene chinamuika pampando wa chida choimbira ndi gulu la The Doors. Atamva chimbale chawo choyamba mu 1967, ali ndi zaka 18, anayamba kuphunzira ogani. Anapita ku yunivesite ya Stetson ku Florida koma sanamalize. Mu 1971 anamva nyimbo zakale za Fats Waller, zojambulidwa m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, ndipo ogani anaisiya, n'kutembenukira ku piyano.

Apa ndi pamene ambiri amene amangomudziwa ndi nyimbo zofatsa amadabwa, chifukwa Fats Waller sanali woimba zofatsa ayi. Kaimbidwe kake, kotchedwa stride, kanabadwira ku Harlem mu New York, ndipo n'kotopetsa kwambiri dzanja lamanzere. Dzanjalo limamenya liwu limodzi lakuya kumapeto kwenikweni kwa piyano, n'kulumphira pakati kukamenya mawu atatu kapena anayi pamodzi, n'kubwerera kumapeto, n'kulumphanso, mwaliwiro, osaphonya, nyimbo yonse. Motero dzanja limodzi limagwira ntchito ya woimba besi ndi ya wang'oma, pamene lamanja likusewera ndi nyimbo pamwamba. Munthu mmodzi amamveka ngati gulu lonse. Winston anafuna kufika pamenepo. Pofuna kupumulirako pa kuthamanga kumeneko, anayamba kupekanso nyimbo zina zapang'onopang'ono, zokhala ndi kanyimbo kosavuta kukumbukira ngati ka nyimbo za kumudzi. Zimenezi ndi zimene anadzazitcha folk piano, kutanthauza piyano ya anthu wamba, ndipo nthawi zina ankawonjezerapo mawu akuti yakumidzi.

Chimbale chake choyamba anachijambula mu 1972 pansi pa kampani ya Takoma, ya katswiri wa gitala John Fahey. Sichinapite patali. Zaka zinapita, ndipo mu 1977 anasiyiratu kuimba piyano, atagwa ulesi poona kuti sakufika pamene ankafuna. Anamubwezera pampando mu 1979 ndi mkulu wina wa ku New Orleans, Professor Longhair, amene kaimbidwe kake kanasakaniza blues ndi kagundidwe ka kuzilumba za Caribbean. M'malo mogawa kugunda kasanu n'katatu mofanana, dzanja lamanzere la Longhair linkagawa katatu, katatu, kawiri, moti nyimbo imayenda ngati munthu wovina akutsimphina mwadala. Kuyambira pamenepo mpaka imfa yake, aphunzitsi a mumtima mwa Winston anali a ku New Orleans: Longhair, James Booker, ndi Henry Butler, amene anali wosaona. Iye mwini ankanena kuti nthawi yambiri imene ankakhala pa piyano kunyumba ankaimba za mtundu umenewu, ndipo zofatsazo zinali gawo laling'ono chabe.

Koma gawo laling'onolo ndi limene linamutchukitsa. Ku Palo Alto, ku California, kunali mmisiri womanga nyumba, William Ackerman, amenenso ankaimba gitala. Mu 1976 iye ndi Anne Robinson anayambitsa kakampani kotchedwa Windham Hill kuti azigulitsa nyimbo zake. Winston anakumana naye mu 1979. Poyamba anamuimbira za pa gitala, kenako anakhala pa piyano n'kumuimbira nyimbo zake zausiku, zofatsa zija. Zimenezo ndi zimene zinabala chimbale cha Autumn mu 1980, dzina la nyengo ya masamba oyoyoka ija. Mu 1982 munatuluka zimbale ziwiri, Winter into Spring ndi December. Autumn ndi Winter into Spring zinapitirira miliyoni imodzi chilichonse ku America kokha, ndipo December chinapitirira mamiliyoni atatu. Kakampani ka mmisiri wa nyumba kanasanduka kampani yodziwika dziko lonse, ndipo amene anaikweza kwambiri ndi munthu wa masokosi uja.

Tsono nyimbo zakezo zimagwira bwanji ntchito? Kuti timvetse, tiyeni titsegule piyano tione m'kati. Ili ndi makiyi 88, ndipo kuseri kwake kuli nsambo zachitsulo zoposa 200 zokungidwa mwamphamvu. Mukadina kiyi, kanyundo kokutidwa ndi ubweya kamamenya nsambo. Mukachotsa chala, kachitsekero kofewa kamagwera pa nsambozo n'kuzikhalitsa chete. Pansi, kuphazi lamanja, pali chopondera chimene chimanyamula titsekero tonse nthawi imodzi. Mukadzapeza piyano yeniyeni, osati kiyibodi yamagetsi, mudzayese izi: pondani chopondera chimenecho, dinani kiyi imodzi yakuya, kenako khalani chete khutu lili pafupi ndi bokosi. Simudzamva liwu limodzi ayi. Nsambo zina zimene simunazikhudze zimayamba kunjenjemera zokha, kuyankha mnzawo, ndipo pamwamba pa liwu lakuyalo pamamveka timawu tating'ono tonga mabelu akutali, tikuzilala pang'onopang'ono mpaka osadziwa pamene tathera.

Luso la Winston linagona pa kuzilala kumeneko. Dzanja lamanzere limabwereza kachigawo kamodzi, mawu anayi kapena asanu, mozungulirazungulira ngati madzi a pamathithi. Lamanja limaponya kanyimbo kumtunda kwa makiyi, kumene mawu amamveka mowala, kenako limadikira. Kudikirako si kusowa chochita. Akusiya nsambo kuti zimalize kulankhula, ndipo ayenera kudziwa nthawi yeniyeni yonyamulira phazi, chifukwa akachedwa pang'ono mawu onse amasakanikirana n'kukhala matope, akafulumira nyimbo imaduka. Nthawi zina ankaimirira pang'ono, n'kulowetsa dzanja lamanzere m'mimba mwa piyano, n'kugwira nsambo ndi chikhatho pamene lamanja likudina makiyi. Liwu limatuluka lalifupi, louma, longa la kalimba kapena la ng'oma yaing'ono. Ndipo mukatchera khutu pa dzanja lamanzere ngakhale m'nyimbo zofatsitsa, mumva kuti silimagwedezeka, limasunga nthawi ngati wotchi. Kumeneko ndi kuphunzira kwa zaka zija za Waller ndi Longhair. Ambiri amene anadzamutsanzira anatenga kufatsa kwa dzanja lamanja, koma msana umene unali kudzanja lamanzere anausiya.

Chimbale cha December n'chitsanzo chabwino cha mmene ankagwirira nyimbo za ena. Muli nyimbo zakale za Khirisimasi, mulinso nyimbo yodziwika ya Johann Pachelbel, Mjeremani wa zaka za m'ma 1600, imene imamangidwa pa mawu asanu ndi atatu a besi obwerezedwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Winston anaitenga n'kuiimba ngati ndi nyimbo ya kwawo ku Montana. Sanadzitchepo woimba nyimbo zachikale za ku Ulaya, ndiponso sanadzitchepo wa jazi, ngakhale kuti ena ankamuyerekeza ndi Keith Jarrett, amene zimbale zake za piyano yokha zinatchuka zaka zochepa m'mbuyo mwake.

Apa ndi pamene vuto la dzina linayambira. M'sitolo yogulitsa zimbale, chimbale chilichonse chimafuna shelefu yake. Nyimbo za Winston sizinali jazi, sizinali zachikale, sizinali rock. Mawu akuti new age, kutanthauza nyengo yatsopano, anali kale dzina la gulu la zauzimu limene linafala ku America ndi ku Ulaya m'zaka za m'ma 1970, la anthu okonda kusinkhasinkha mwakachetechete, yoga ndi machiritso osadalira chipatala. Anthuwa anali ndi nyimbo zawo, zopekedwera dala kuti munthu akhazike mtima pansi, monga za Steven Halpern, ndipo zinkagulitsidwa m'masitolo a mabuku ndi a zakudya zopatsa thanzi. Zimbale zoyambirira za Windham Hill zinadutsiranso m'masitolo ngati omwewo, ndipo anthu omwewo anazikonda. Amalonda ataona ndalama, anasonkhanitsa chilichonse chofatsa ndi chopanda mawu n'kuchiika pa shelefu imodzi. Pofika mu 1987 mphoto za Grammy zinali ndi gawo la new age, ndipo woyamba kulandira anali Andreas Vollenweider wa ku Switzerland, woimba zeze wamkulu wa ku Ulaya. Pa shelefu imeneyo panakhala anthu osiyana kotheratu: oimba piyano ngati Liz Story ndi David Lanz, oimba ndi makina amagetsi, ojambula kulira kwa mbalame ndi mafunde. Ackerman nayenso dzinalo sankalikonda.

Winston sankapeka nyimbo zochiritsa kapena zopempherera. Ankapeka za nyengo, za zidikha, za nkhalango, za usiku. Komabe pamene chimbale chake cha Forest, cha mu 1994, chinalandira Grammy mu 1996, gawo lake linali lomwelo la new age. Dzinalo linamubweretsera ogula, komanso linamutsekera makutu a anthu ambiri odziwa nyimbo, amene ankati zonse za pa shelefu imeneyo n'zogonetsa ana, zoyenera m'chipinda chodikiriramo dokotala. Ine ndikuona kuti odzudzulawo sanalakwe zonse. Pali nyimbo zina za Winston zimene zimazungulira malo amodzi nthawi yaitali kuposa mmene kanyimbo kake kangapirire, ndipo gulu la omutsanzira linadzaza msika ndi phala lopanda mchere. Koma kuweruza iye ndi zolakwa za omutsatira n'kusamumvetsera. Kuimba mofulumira kumabisa zambiri. Kuimba mawu ochepa, pang'onopang'ono, uli wekha pamaso pa anthu zikwi ziwiri, kumaika poyera chala chilichonse chimene chalemera kapena kupepuka mopitirira muyezo. Pamenepo palibe pobisala.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri pa moyo wake ndi zimene anachita ndi ndalama ndi dzina zitabwera. M'zaka za m'ma 1980 anayambitsa kampani yakeyake, Dancing Cat, ndipo sanaiyambitse kuti adzikweze. Mu 1985 inatulutsanso chimbale cha Professor Longhair chimene anthu ambiri ku America anali asanachimve, mwini wake atamwalira kale mu 1980. Kenako anadzipereka pa ntchito imene inamudyera zaka zambiri: kujambula akuluakulu oimba gitala ya ku Hawaii yotchedwa slack key, m'chinenero chawo kī hōʻalu, kutanthauza kumasula makiyi okungira nsambo.

Mbiri imene anthu a ku Hawaii amasimba ndi yakuti gitala inafika kuzilumbazo m'zaka za m'ma 1800 ndi abusa a ng'ombe ochokera ku Mexico, amene anaitanidwa kudzaphunzitsa eni dziko kuweta ng'ombe. Abusawo atabwerera anasiya magitala, ndipo eni dziko anawachuna mwa njira yawoyawo. Amamasula nsambo zina mpaka zonse zisanu ndi imodzi zikalizidwa popanda kugwira paliponse zizimveka mogwirizana. Kachunidwe kodziwika kwambiri amakatcha taro patch, kutanthauza munda wa koko. Chala chachikulu chimaimba besi pa nsambo zakuya, zala zina zikuimba nyimbo pamwamba, munthu mmodzi n'kumamveka ngati awiri. Mabanja ambiri ankasunga kachunidwe kawo ngati chinsinsi, kungophunzitsa ana a pakhomo, ndipo chifukwa cha zimenezo lusoli linatsala pang'ono kupita ndi eni ake kumanda. Ngakhale akatswiri ake akajambulidwa, kawirikawiri ankakhala m'gulu, kumbuyo kwa woimba ndi mawu.

N'zosavuta kuona chimene Winston anamva mu gitala imeneyi. Ndi chinthu chomwe chija anachipeza mwa Waller: munthu mmodzi, chida chimodzi, besi ndi nyimbo m'manja omwewo. Anawaitana akuluakuluwo mmodzimmodzi n'kuwajambula ali okha: Ray Kāne, Sonny Chillingworth, Keola Beamer, Ledward Kaapana, Dennis Kamakahi, ndi Cyril Pahinui, mwana wa Gabby Pahinui amene ambiri amamutenga ngati tate wa kaimbidweka m'nthawi yathu. Zimbalezo zinayamba kutuluka mu 1994 ndipo zinapitirira 30, zili ndi timabuku tofotokoza kachunidwe ndi mbiri ya nyimbo iliyonse. Sonny Chillingworth anamwalira ndi khansa m'chaka chomwecho cha 1994. Pakanapanda changu chimenechi, zambiri zimene zinali m'zala zake bwenzi zitatayika. Winston mwini ankaimbako gitala imeneyi pa mashoo ake, pa gitala ya nsambo zisanu ndi ziwiri, komanso ankaimba hamonika, kachida kouzira pakamwa, koma ankakonda kutchula aphunzitsi ake n'kulimbikitsa anthu kuti akagule zimbale zawo.

Ngongole zake zina anazibweza pa piyano. Mu 1996 anatulutsa chimbale chonse cha nyimbo za Vince Guaraldi, ndipo mu 2010 chachiwiri. Mu 2002 anatulutsa cha nyimbo za The Doors, gulu lija linamuyambitsa, aliyense n'kudabwa kuti nyimbo zaphokoso ndi zamdima ngati zimenezo zingakwane bwanji m'manja awiri. Plains cha mu 1999 ndi Montana: A Love Story cha mu 2004 zinali za kwawo. Namondwe wa Katrina atamiza New Orleans mu 2005, anajambula chimbale cha Gulf Coast Blues & Impressions, chimene chinatuluka mu 2006, ndipo phindu lake linapita kwa ovutika. M'menemo ndi mmene munthu angamve Winston winayo, wa dzanja lamanzere lolemera, akuimba mwa kaimbidwe ka mzinda umene unamupulumutsa mu 1979. Anali atachitapo kale chimodzimodzi zigawenga zitaphulitsa nyumba ku New York pa 11 September 2001.

Ndipo panali zitini. Kulikonse kumene ankakaimba, ndipo ankayenda kwambiri, m'mizinda ikuluikulu ndi m'matauni ang'onoang'ono omwe, ankapempha anthu kuti pobwera atenge zakudya za m'zitini. Pakhomo pa holo pankakhala mabokosi, ndipo zonse zinkapita ku bungwe la m'dera lomwelo logawa chakudya kwa osowa. Ndalama za zimbale zogulitsidwa pakhomopo nazonso nthawi zambiri zinkapita komweko. Anachita zimenezi kwa zaka makumi angapo, shoo ndi shoo.

Thupi lake linakumana ndi zambiri. Anadwalapo khansa ya chithokomiro ndi ya pakhungu, kenako anapezeka ndi matenda otchedwa myelodysplastic syndrome, amene amachititsa kuti mafuta a m'mafupa, kumene magazi amapangidwira, azitulutsa maselo osakhwima ndi osagwira ntchito. Mu 2013 madokotala a pachipatala cha City of Hope ku Duarte, ku California, anamuika mafuta a m'mafupa ochokera kwa munthu wina. Chithandizo chimenechi n'chowawa ndipo kuchira kwake kumatenga miyezi, chifukwa chitetezo cha m'thupi chimayamba chaphwanyidwa kuti chimangidwenso. Pachipatalapo panali holo yokhala ndi piyano. Atayamba kupezako mphamvu, ankapita kumeneko kukaimba, ndipo nyimbo zimene anapeka m'masiku amenewo zinatuluka mu 2017 pa chimbale cha Spring Carousel. Zambiri mwa izo n'zazifupi, zozungulirazungulira ngati kabokosi koimba ka ana, ndipo ndalama zake zinapita ku kafukufuku wa khansa pachipatala chomwecho.

Anabwereranso pamsewu, kuimba m'maholo, kujambula. Restless Wind chinatuluka mu 2019, ndipo Night, chomaliza kutuluka iye ali moyo, mu 2022. Matenda atakulanso anaimitsa maulendo amene anakonza, akuyembekeza kuti adzawapitiriza akapeza bwino. Anamwalira ali m'tulo pa 4 June 2023 ku Williamsport, ku Pennsylvania, ali ndi zaka 74. Abale ake polengeza za malirowo anapempha kuti amene akufuna kumukumbukira apereke thandizo ku mabungwe ogawa chakudya ndi ku zipatala za khansa, kuphatikizapo City of Hope.